Tinamupezera chipinda, koma wabwereranso pakhonde la sitolo

Makalata amene tasankha mwezi uno onse achokera mumzinda wa Mzuzu, ndipo akukhudza anthu amene alibe pokhala pokhazikika komanso amene adzipereka kuwathandiza. Monga mwa nthawi zonse, makalatawa tawafupikitsa ndipo mayina a eni ake tawasunga.

FUNSO: Akonzi, ine ndine wapampando wa komiti ya zachifundo pampingo wathu ku Chibavi. Chaka chatha, nyengo yozizira itayamba, tinamvera chisoni bambo wina amene ankagona pakhonde la sitolo pafupi ndi depoti ya mabasi, ndipo masana ankanyamula katundu wa anthu mumsika. Tinasonkha ndalama, tinamupezera chipinda chabwino cha malata ndi simenti ku Nkhorongo, tinalipira lendi ya miyezi itatu, ndipo tinamugulira mphasa, bulangete, mapoto awiri ndi mbaula. Mwezi wachiwiri usanathe tinamva kuti chipinda chija chimangokhala chotseka, ndipo titamufufuza tinakamupeza pakhonde lomwe lija. Anzanga ena m'komiti akuti munthuyo ndi wosayamika, choncho tisadzatayenso ndalama motere, koma ine mtima wanga ukukana. Tsopano munthu wina wakufuna kwabwino walonjeza kutipatsa ndalama pang'ono zoti tiphunzitsire anthu khumi odzipereka. Kodi tiwaphunzitse chiyani kuti zimenezi zisachitikenso?
Mayi wa ku Chibavi

YANKHO: Mayi, mtima wanu ukukana pa chifukwa chomveka. Ndisanafike pa maphunziro, ndiloleni ndifunse funso limene kalata yanu sinayankhe: kodi bamboyo anafunsidwa kumene akufuna kukhala, kapena anangouzidwa kuti chipinda chapezeka? Munthu wonyamula katundu amadya chifukwa chakuti mbandakucha umamupeza ali kale pamsika, pamene malole akutsitsa mbatata ndi nthochi komanso pamene mabasi oyenda usiku akufika. Nkhorongo ndi kutali ndi msika waukulu, kotero kuti afike nthawi yabwino ayenera kudzuka kukadali mdima n'kuyenda wapansi, kapena kukwera kabaza ndi ndalama imene sanaigwire n'komwe. Akachedwa amapeza katundu yense wanyamulidwa ndi anzake. N'kutheka kuti munamupatsa denga n'kumulanda nsima mosadziwa, ndipo iye anasankha nsima, monga mmene tonsefe tikanachitira.

Chinanso chimene ife amene sitinagonepo panja timachiiwala n'chakuti pakhonde paja munthu sakhala yekha. Pali anzake amene amawotha nawo moto, pali mlonda amene amamudziwa dzina, palinso mayi wa lesitilanti amene amamusungira mkute. Mukamuchotsa pamenepo n'kukamusiya m'chipinda cha zii, pakati pa anthu amene akunong'onezana kuti uyu ndi uja wa kudepoti, usiku umamutalikira kwambiri. Masabata oyambirira munthu atangolowa m'nyumba ndiwo ovuta kuposa ena onse, ndipo inu, ngati ndawerenga bwino, munamva za kutsekedwa kwa chipinda kuchokera kwa anthu ena. Zikuonetsa kuti panadutsa masiku ambiri popanda wa m'komiti kukagogoda pachitseko. Sindikunena izi pofuna kukudzudzulani, chifukwa makomiti ambiri amaona tsiku lopereka kiyi ngati tsiku lotsiriza ntchito, pamene ndi tsiku limene ntchito yeniyeni imayamba.

Zimene munachita poyamba, zomupatsa munthu nyumba musanamulamule kuti ayambe wasintha khalidwe, si zachilendo kwa akatswiri a ntchitoyi. M'chaka cha 1992, katswiri wa za maganizo Sam Tsemberis anayambitsa bungwe la Pathways to Housing mumzinda wa New York, ndipo njira yake inatchuka ndi dzina lakuti Housing First, kutanthauza kuti nyumba ndiyo iyambe. Kale anthu ogona m'misewu ankauzidwa kuti ayambe asiya mowa, alandire mankhwala, agone kaye m'malo a anthu ambiri, ndipo nyumba yawoyawo idzabwere pamapeto ngati mphotho. Ambiri ankagwera panjira. Dziko la Finland linaika njira yatsopanoyi m'ndondomeko za boma kuyambira mu 2008, ndipo chiwerengero cha anthu okhalitsa opanda nyumba chinatsika kwambiri. Ku Canada anaiyesa m'mizinda isanu pakati pa 2009 ndi 2013 pa anthu pafupifupi 2,000, ndipo amene analandira nyumba mwa njirayi anakhazikika kuposa anzawo amene anathandizidwa mwa njira yakale. Komatu njirayi imakhala pa mafuwa atatu: nyumbayo, kusankha kwa mwini wake, ndi munthu womuyendera nthawi ndi nthawi. Komiti yanu inaika fuwa limodzi lokha, n'chifukwa chake mphika unagudubuka.

Tisanyengane, kumayiko amenewo boma limalipira gawo lalikulu la lendi, pamene kuno kulibe thumba lotero. Nyumba za Malawi Housing Corporation, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1964, ndi zochepa poyerekeza ndi ozifuna, ndipo wonyamula katundu mumsika sangazilote. Ndalama za Mtukula Pakhomo, zimene zinayambira ku Mchinji mu 2006, zinakonzedwera mabanja ovutikitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwirira ntchito, osati lendi ya m'tauni. Choncho anthu anu khumiwo ayenera kuphunzira kusunga munthu m'nyumba pogwiritsa ntchito zochepa zimene zilipo: ganyu wake, eni nyumba a m'makwalala, abale amene angapezeke, ndi chopereka cha mpingo.

Phunziro loyamba likhale la kumvetsera, ndipo musalipeputse poganiza kuti aliyense amadziwa kucheza. Akhale awiriawiri, wina akhale ngati wogona pakhonde, wina womufunsa, kenako asinthane, ndipo ayesere m'Chitumbuka, m'Chichewa ngakhalenso m'Chitonga, chifukwa munthu amafotokoza bwino chimene chikumupweteka m'chinenero chimene anayamwira. Mafunso ake ndi osavuta: munagona liti m'nyumba komaliza, chinakuchotsanimo n'chiyani, ndalama mumaipeza kuti ndiponso nthawi yanji, mutadwala usiku mungatume uthenga kwa yani, ndipo ndi dera liti limene simungafune kukhalako. Wofunsayo aphunzire kudikira yankho osalalikira. Aphunzirenso kusunga chinsinsi, chifukwa pali chizolowezi choipa chimene chafala masiku ano chojambula munthu akulandira bulangete n'kumuika pa Facebook kapena pagulu la WhatsApp, mwinanso kumuimika kutsogolo kwa mpingo kuti anthu aone ntchito ya komiti. Munthu amene wachititsidwa manyazi motero amayamba kubisala akaona omuthandiza akubwera.

Phunziro lachiwiri lichitike ndi miyendo. Ophunzirawo ayende ku Chiputula, ku Masasa, ku Mchengautuwa, ku Ching'ambo ndi ku Zolozolo, aone zipinda zenizeni, afunse mitengo, adziwe eni nyumba amene ali ndi mtima woleza. Aphunzire kuyang'ana zimene munthu wosangalala ndi kutsika mtengo saziona: ngati pali chimbudzi ndiponso mabanja angati amachigwiritsa ntchito, kutalika kwa kumene kuli mpopi, mmene bilu ya madzi ndi mayunitsi a magetsi amagawanirana, komanso mzere wa matope pakhoma umene umaulula pamene madzi anafika dzinja lapitalo. Inu a ku Chibavi simufunika kukumbutsidwa za mvula ya mu Epulo 2016, imene inagwetsa nyumba m'madera ambiri a mzinda uno, inapha anthu, n'kusiya ena zikwizikwi m'misasa. Zipinda zotsika mtengo kwambiri zimapezeka m'madambo ndi m'malo otsetsereka, ndipo kulowetsa munthu m'nyumba ya zidina pamalo otero mu Okutobala ndi kumukonzera kusowanso pokhala mu Malichi. Akapeza zipinda ziwiri kapena zitatu zoyenera, apite naye mwini wakeyo akasankhe yekha, ngakhale atasankha chimene inu mukuchiona ngati chonyozeka.

Nkhani ya ndalama ndiyo imagwetsa ambiri. Waganyu amalandira tsiku ndi tsiku pamene lendi imafunika yonse pamodzi pakutha pa mwezi, ndipo munthu amene wakhala zaka akugona panja anazolowera kudya ndalama tsiku lomwelo, popeza yogona nayo m'thumba imabedwa usiku. Si uchitsiru, ndi nzeru ya pakhonde imene siigwiranso ntchito m'nyumba. Womuthandiza akhale naye pansi, agawe lendi ya mwezi m'masiku, kuti aone ndalama imene ayenera kupatula madzulo alionse, ndipo agwirizane kumene azikaisunga, kaya ku Airtel Money, ku Mpamba, kubanki mkhonde, kapena kwa mwini nyumba amene walola kulandira pa sabata n'kumalemba m'kope. Apa mudzapeza kuti ambiri alibe chiphaso cha unzika, mwina chinatayika kapena sanalembetse n'komwe m'kalembera wa 2017, pamene popanda chiphasocho nambala ya foni siilembetsedwa ndipo ntchito yolembedwa siipezeka. Kuperekeza munthu ku ofesi ya National Registration Bureau ndi ntchito yotopetsa imene palibe amene amaiombera m'manja, koma imatsegula zitseko zambiri. Pa luso losunga ndalama pang'onopang'ono, kafunseni nzeru kwa amayi a m'magulu amene amagwira ntchito ndi bungwe la CCODE lothandiza anthu osauka a m'tauni pa nkhani za nyumba, amene akhala akuchita zimenezi m'makwalala a mizinda yathu kuyambira cha m'ma 2003. Ndipo ulendo wina musadzalipire miyezi itatu yathunthu n'kusiya mwadzidzidzi. Ndalama yomweyo italikitseni: mwezi woyamba mulipire yonse, kenako gawo lanu lizichepa pamene lake likukula, iye akudziwiratu kuyambira tsiku loyamba mmene zidzayendere.

Za kuyendera, pali njira ina imene inayambiranso ku New York, yotchedwa Critical Time Intervention, imene imatenga miyezi isanu ndi inayi yogawidwa patatu. M'miyezi itatu yoyamba womuthandiza amabwera pafupipafupi n'kumamulumikiza ndi anthu a m'deralo, monga mfumu ya mdadada, oyandikana nawo, chipatala chapafupi ndi gulu lopemphera ngati iye akufuna. M'miyezi itatu yotsatira amabwera mwa apo ndi apo kuti aone ngati maubalewo akugwira, n'kukonza pamene pakutha. M'miyezi yomaliza amasiya udindo m'manja mwa anthu aja. Njirayi ndiyo ndikuona kuti ikutiyenera kwambiri kuno, chifukwa siifuna ndalama zambiri koma miyendo ndi kalendala. Wodzipereka mmodzi asapatsidwe anthu oposa awiri kapena atatu, ndipo poyendera azipita awiri, makamaka ngati woyenderedwayo ndi wamkazi ndipo woyendera ndi wamwamuna, kapenanso mosinthanitsa.

Ndalama za wakufuna kwabwinoyo musakazithere pa maphunziro a masiku atatu kuhotela ya kunyanja, kumene anthu amakalandira alawansi, satifiketi ndi chithunzi cha gulu, n'kubwerako zonse zitauluka. Kumanani kutchalitchi konko theka la tsiku Loweruka lililonse kwa miyezi iwiri, pakati pa sabata ophunzirawo azikayesera zimene aphunzira, ndipo pambuyo pake muzikumanabe kamodzi pa mwezi kuti aliyense afotokoze pamene zamukanika. Itanani wogwira ntchito ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, namwino wa matenda a maganizo, ndi mwini nyumba mmodzi kuti adzayankhule. Mphunzitsi wina amene simuyenera kumuiwala ali pakhonde la sitolo pafupi ndi depoti. Pitani mukamupepese kuti simunamufunse, mumupemphe adzafotokozere anthu anu chimene chinamuchotsa ku Nkhorongo, ndipo mumulipire monga mmene mungalipirire mphunzitsi wina aliyense.

FUNSO: Ndili ndi mdadada wa zipinda zisanu ku Chiputula, ndipo ndalama ya lendi ndiyo penshoni yanga. Achinyamata a bungwe lina abwera kudzandipempha kuti ndilowetse munthu amene wakhala akugona mumsika, ati iwo adzalipira miyezi iwiri yoyamba. Ndinachitapo zotere kale ndi gulu lina, koma miyezi yawo itatha sindinawaonenso, munthuyo anadzaza anzake m'chipinda, alendi ena anayamba kudandaula, mpaka ndinachita kuzula chitseko kuti atuluke. Kodi ndikakana ndiye kuti ndine wouma mtima?
Bambo wa ku Chiputula

YANKHO: Bambo, simuli wouma mtima, ndipo kalata yanu ndikanakonda itawerengedwa m'maphunziro alionse a anthu ogwira ntchitoyi. Pa kalembera wa 2018 mzinda wa Mzuzu unali ndi anthu oposa 220,000, ndipo ukukulirakulira, kotero mwini nyumba ngati inu sasowa wolowa m'chipinda. Amene akubwera kudzapempha malo a munthu wochokera mumsika ayenera kudziwa kuti akukupemphani kuika penshoni yanu pachiswe, choncho abwere ndi zambiri kuposa lendi ya miyezi iwiri.

Musanayankhe, afunseni achinyamatawo mafunso amene adzaonetse ngati anaphunzitsidwa kapena angotengeka ndi chisoni. Ndani mwa iwo, ndi dzina lake ndi nambala yake, amene mudzamuimbire zinthu zikavuta usiku, ndipo adzafika pakapita nthawi yaitali bwanji? Azidzabwera kangati pa mwezi, ndipo mpaka liti? Mwezi wachitatu lendi idzachokera kuti? Windo likasweka adzakonza ndani? Zimene mwagwirizana zilembedwe papepala m'chinenero chimene wolowayo amamva, ziwerengedwe mokweza, ndipo musayine atatu: inu, iye, ndi woimira bungwelo, mfumu ya mdadada ikhale mboni. M'pepalamo mukhale tsiku lolipira, kagawidwe ka madzi ndi magetsi, malamulo a alendo ogona, ndi nthawi ya chidziwitso ngati wina akufuna kuthetsa mgwirizano, imene anthu ambiri amaika mwezi umodzi. Dzina lolembedwa ngati mlendi likhale la munthuyo, osati la bungwe, kuti adziwe kuti chipindacho ndi chake ndipo udindo ndi wakenso.

Nkhani ya anzake odzaza m'chipinda ndi yodziwika kulikonse kumene ntchitoyi imachitika, ndipo kawirikawiri gwero lake si mwano. Munthu amene anzake anamufunditsa chigamba cha katoni mu Juni sangawatsekere kunja iye atapeza denga, chifukwa kwa iye kutero ndi kusowa umunthu. Wogwira ntchito wophunzitsidwa bwino amaikamba nkhaniyi munthuyo asanalowe, amamuthandiza kupeza mawu okanira anzake popanda kudana nawo, ndipo nthawi zina amalola kuti mlandu ugwere iye, kuti mlendiyo azitha kunena kuti a bungwe ndi abambo a nyumba sakulola. Mukanakhala ndi woti mumuimbire sabata yoyamba imene munaona nsapato zambiri pakhomo, nkhani ija sikanafika pomwe inafika.

Koma za kuzula chitseko, Bambo, ndikupempheni kuti musadzabwerezenso, ngakhale ndikudziwa kuti eni nyumba ambiri amatero, ena mpaka kusasula malata. Njira imeneyo ingakusandutseni wolakwa pamene munali wolakwiridwa, makamaka katundu wa munthu akatayika kapena mwana akadwala chifukwa chogona pamphepo. Perekani chidziwitso cholemba, itanani mfumu ya mdadada ndi a bungwe kuti mukambirane, ndipo zikakanika nkhaniyo ipite kubwalo la majisitireti. Ngati achinyamatawo ayankha bwino mafunso aja, ine ndikanakhala inu ndikanawayesa.

FUNSO: Ndine mnyamata wodzipereka pagulu lina ku Luwinga. Ambiri mwa anthu amene timakumana nawo amamwa kachasu kwambiri, ena amasuta chamba, ndipo ena amayankhula okha. Mtsogoleri wathu akuti tizithandiza okhawo amene asiya mowa, chifukwa enawo adzagulitsa mphasa ndi mapoto. Kodi akulondola?
Wodzipereka wa ku Luwinga

YANKHO: Achimwene, mtsogoleri wanu akuopa chinthu chimene chimachitikadi, koma lamulo lakelo lidzasiya panja anthu amene gulu lanu linakhazikitsidwira. Taganizirani munthu amene akugona pasimenti m'mwezi wa Julayi, mphepo ndi mvula yowaza ya ku Mzuzu zikumulowa m'mafupa, akuopa akuba ndi omenya: kachasu kwa iye ndi bulangete komanso mankhwala ogonetsa. Kumuuza kuti asiye ali pomwepo ndi kumupempha chinthu chimene ngakhale anthu okhala m'nyumba zabwino chimawakanika. Zimene anapeza kumayiko amene ndatchula poyankha mayi a ku Chibavi n'zakuti nyumba payokha siichiritsa uchidakwa, koma anthu akumwa amatha kusunga nyumba ngati akuyenderedwa, ndipo chithandizo chimayenda bwino munthu akakhala ndi pogona podziwika. Choncho malamulo akhale pa khalidwe, osati pa botolo: alipire gawo lake, asasokoneze oyandikana nawo, asawononge chipinda, ndipo alole kuyenderedwa.

Pali luso lina loyankhulira ndi munthu wotere limene gulu lanu lingapemphe kuti liphunzitsidwe, lotchedwa motivational interviewing, limene katswiri wa za maganizo William Miller anayamba kulifotokoza mu 1983. Mtima wake ndi wakuti munthu amasintha akamva zifukwa zikutuluka m'kamwa mwake, osati mwa womulangiza. M'malo momuuza kuti mowa ukumupha, mumamufunsa chimene mowawo umamuthandiza, kenako chimene wamulanda, ndiponso chimene angafune kuti chidzakhale chitasintha pofika nyengo yokolola. Zimafuna kudekha, monga amanenera akulu kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo achinyamata ambiri achangu zimawavuta chifukwa amafuna kuona munthu atatembenuka lero lomwe.

Dziwaninso malire anu. Munthu amene wamwa kwambiri kwa zaka zambiri akasiya mwadzidzidzi amatha kunjenjemera, kuona zinthu zimene palibe, ngakhale kukomoka, ndipo zimenezi zimatha kupha, choncho kusiya kotero kumafuna achipatala. Amene akuyankhula yekha, amene akukhulupirira kuti anthu akumusaka, kapena amene watchula zodzipha, si woti mumumange ndi chingwe kapena kumusalitsa kudya. Mzuzu ili ndi mwayi umene mizinda ina ilibe, popeza a St John of God ali mumzinda momwemo ndi chithandizo cha matenda a maganizo ndi cha anthu amene agwidwa ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo Mzuzu Central Hospital ili kwanu ku Luwinga komweko. Pitaniko musanakhale ndi wodwala m'manja, mukadziwe khomo lolowera, masiku a kiliniki ndi zimene amafuna kuti munthu abwere nazo. Akayamba mankhwala, kaya a maganizo, a TB kapena ma ARV, womuyendera azidziwa tsiku lokatenga ena, chifukwa nthawi zambiri kudumpha mankhwala ndi kulephera lendi zimayendera limodzi. Za mapoto, gulani otsika mtengo ndipo musapereke zonse tsiku limodzi.

FUNSO: Ine ndine mfumu ya mdadada ku Zolozolo. M'dera langa muli mayi wamasiye amene achibale a malemu mwamuna wake anamuchotsa m'nyumba, ndipo tsopano amagona m'khitchini mwa mnzake ndi ana atatu. Anthu ena akuti njira yachidule ndi kumusonkhera thiransipoti abwerere kumudzi, ndipo akutinso onse ogona m'misewu apolisi azingowagwira vakabu. Inu mukuti bwanji?
Mfumu ya mdadada, Zolozolo

YANKHO: Mfumu, mwachita bwino kuona kuti mayiyo alibe pokhala ngakhale sagona pamsewu. Ambiri mwa anthu osowa nyumba m'mizinda yathu saoneka, chifukwa amagona m'makhitchini, m'nyumba zosatha kumanga zimene akulondera, kapena amasinthasintha kwa achibale mpaka onse atatopa nawo. Ophunzira ntchitoyi ayenera kuphunzitsidwa kuwafufuza anthu otere kudzera mwa inu mafumu, aphunzitsi ndi alangizi a zaumoyo, chifukwa kuthandiza munthu asanafike pakhonde la sitolo n'kosavuta kuposa kumuchotsapo.

Mayiyo asanakwezedwe basi, funso likhale lakuti nyumba imene anachotsedwamo ndi ya yani. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Muperekezeni ku Victim Support Unit ya apolisi ndi ku ofesi ya Legal Aid Bureau ya ku Mzuzu, imene imathandiza anthu amene sangathe kulipira loya, atatenga pepala lililonse limene ali nalo: la ukwati, la imfa, la poloti, ngakhale malisiti a njerwa ndi malata. Kwa amayi amene athawa nkhanza, lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limapatsa bwalo mphamvu yolamula kuti wochita nkhanzayo ndiye atuluke, wozunzidwayo ndi ana atsale m'nyumba. Wodzipereka safunika kukhala loya, koma ayenera kudziwa kuti malamulo awiriwa alipo ndiponso khomo limene angagogode, popeza nyumba yotsika mtengo kuposa zonse ndi imene munthu anali nayo kale.

Kubwerera kumudzi ndi njira yabwino kwa amene akufuna ndipo kuli womulandira, koma si mankhwala a aliyense. Kuno kumpoto, kumene mkazi amakakhala kwa mwamuna, wamasiye akhoza kupeza kuti kumudzi kwa mwamuna ndiko kuli omwe amuthamangitsa, pamene kwawo munda unagawidwa kalekale kwa alongo ake. Wogwira ntchito wophunzitsidwa amayamba waimba foni kapena kupitako, amafunsa kumene munthuyo akagone, chimene akadye kufikira atakolola, ndi sukulu imene ana akalowe, ndipo amadzafunsanso pakapita mwezi. Kupanda kutero, ndalama ya thiransipoti imangogula ulendo wopita ndi wobwerera.

Za vakabu, akumbutseni anthu anu kuti mu Januwale 2017 bwalo lalikulu la milandu ku Blantyre, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene anamangidwa akupita kumalonda ake m'bandakucha, linagamula kuti gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu, limene apolisi ankagwirira anthu vakabu, likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko lino. Gawo 30 la malamulo aakuluwo limatchula pokhala pakati pa zinthu zimene boma liyenera kuonetsetsa kuti anthu onse ali ndi mwayi wofanana wozipeza. Kumanga munthu chifukwa alibe pogona kumangomutayitsa katundu wake wochepayo ndi ganyu wa mawa. Ana okha ndiwo nkhani ina: mwana wopezeka akugona mumsewu sapangidwira lendi, ndipo wodzipereka asamutengere kunyumba kwake mwa yekha, koma adziwitse ofesi yoona za chisamaliro cha anthu monga likunenera lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010, kapena aimbe nambala yaulere ya 116.

FUNSO: Ndalemba mayeso a Fomu 4 chaka chino ndipo ndikufuna kuti ntchito yothandiza anthu osowa pokhala idzakhale ntchito yanga yeniyeni. Kodi ndingakaphunzire kuti?
Mtsikana wa ku Katawa

YANKHO: Chemwali, ntchitoyi imalowedwa kudzera m'makomo angapo. Magomero College, m'boma la Chiradzulu, yakhala ikuphunzitsa alangizi a chitukuko cha m'madera ndi a chisamaliro cha anthu kwa zaka zambiri, ndipo Catholic University of Malawi ku Nguludi ili ndi digiri ya social work. Kwanu konko, koleji ya St John of God imaphunzitsa za uphungu ndi za matenda a maganizo, pamene Mzuzu University ili ndi maphunziro a za malo ndi mapulani a mizinda, amene ndi ofunika kwa munthu amene akufuna kulimbana ndi gwero la kusowa kwa nyumba. Zofunika polowera zimasintha chaka ndi chaka, choncho kafunseni kusukuluzo zotsatira zanu zikatuluka. Pamene mukudikira, makomiti ngati a mayi a ku Chibavi amasowa munthu wolemba bwino amene angasunge kaundula wa masiku oyendera, lendi imene yalipidwa ndi masiku a kuchipatala. Pemphani chilolezo kwa makolo anu, muyambe ndi kope limenelo, ndipo poyendera anthu muzitsagana ndi mayi wachikulire wa m'komitimo.